Do ali pati? Kuphunzira nyimbo yachitamando yamakono pa gitala

Nyimbo zachitamando zamakono, zija zochokera ku Hillsong ku Sydney, ku Bethel Music ku Redding kapena ku Elevation Worship ku Charlotte, zimamveka zodzaza kwambiri. Mumamvamo magitala atatu, kiyibodi yolira osapuma, ng'oma, besi, ndi chikhamu cha anthu chikuyankhira kumbuyo. Koma mukachotsa zonsezo, kawirikawiri pamangotsala ma chord (mawu angapo olizidwa pamodzi) anayi ozungulirazungulira kwa mphindi zisanu kapena zisanu ndi ziwiri. Ma chord amenewo munthu amawadziwa m'milungu yochepa. Chimene chimagwetsa ambiri ndi zina: gitala yolimba ngati mtengo wa m'bawa, kiyi yosagwirizana ndi mawu a mpingo, ndiponso dzanja lamanja limene limaima nthawi iliyonse lamanzere likasamuka.

Musanakhudze nyimbo, yang'anani kaye gitalayo. Nsambo zimawerengedwa kuchokera pansi: yowonda kwambiri ndi ya 1, yonenepa kwambiri, imene imakhala kumwamba mukaifungatira gitala, ndi ya 6. Kuchokera pa 6 kutsika pansi zimachunidwa E, A, D, G, B, E. Pulogalamu yochunira ya pa foni ndi yokwanira, bola ikhale pa 440 Hz, poti kiyibodi ya kutchalitchi ili pomwepo. Pochuna, fikani pa liwu loyenera mukumanga nsambo, osati mukumasula. Mukapitirira, bwererani pansi ndithu n'kukwezanso pang'onopang'ono, chifukwa nsambo yofika pamalo pake ikumasulidwa imatsetsereka nyimbo ili mkati.

Kenako tengani rula muyeze mpata wa pakati pa nsambo ya 6 ndi kachitsulo ka fret 12 (ma fret ndi timipata ta pakhosi pa gitala tolekanitsidwa ndi tizitsulo, towerengedwa kuchokera kumutu kwa gitala). Ukhale pafupifupi mamilimita 2.5, ndipo 3 n'ngopiririka. Ukafika 4 kapena 5, vuto si zala zanu ayi, ndipo ngakhale katswiri angalire nayo gitala yotero. Pali zifukwa ziwiri zodziwika. Mwina khosi la gitala lapindika chifukwa cha chinyezi cha dzinja kapena kutentha kwa Okutobala, ndipo limawongoledwa ndi kandodo kachitsulo kamkati mwake kotchedwa truss rod, kamene kamapotozedwa ndi Allen key pang'ono zedi, kota imodzi basi, n'kudikira mpaka mawa. Mwina kafupa koyera kamene nsambo zimagonapo kumimba kwa gitala n'kakatali, ndipo kamachotsedwa n'kupalidwa kunsi kwake pa sandipepala. Kuti nsambo zitsike ndi milimita imodzi pa fret 12, kafupako kachepetsedwe ndi mamilimita awiri. Ngati simunachitepo, mupatseni wodziwa, poti chopalidwa sichibwerera. Pogula nsambo sankhani zofewa, zija nsambo yake ya 1 imalembedwa .010 kapena .011, osati .013. Ndipo gitala yopangidwira nsambo za nailoni musaiveke zachitsulo: zimakoka mwamphamvu mpaka kuzula kathabwa komangirapo nsambo.

Tsopano nyimbo ija. Ambiri amathamangira pa intaneti kukatenga pepala la ma chord. Mapepalawo amathandiza, koma ambiri amalembedwa ndi anthu wamba ongomvera ndi khutu, ndipo zolakwika sizisowa. Yambani ndi kumvetsera, gitala ili pakhoma. Valani zomvera za m'makutu, chifukwa sipika ya foni simatulutsa besi, pamene besi ndiye amakuuzani nthawi imene chord yasintha. Mvetserani katatu. Koyamba mungolemba mmene nyimboyo yamangidwira: poyambira, vesi, kolasi, vesi yachiwiri, kolasi, kenako gawo lija amalitcha bridge, limene limabwerezedwa kangapo likunka likula. Kachiwiri muwerenge ndi phazi kuti gawo lililonse likutenga ma bar angati (bar imodzi kawirikawiri ndi kuwerenga 1, 2, 3, 4 kamodzi). Nthawi zambiri mupeza 4, 8 kapena 16. Kachitatu mufunefune do.

Apa aliyense amene anakulira m'kwaya ali ndi mwayi umene mwina sakuudziwa. Solfa ija ya do, re, mi, imene John Curwen anaifalitsa ku England m'zaka za m'ma 1800 ndipo inafika m'makwaya athu ndi amishonale, ndi nzeru yomweyo imene oimba a ku Nashville ku America amagwiritsa ntchito polemba ma chord ndi manambala. Chord ya 1 ndi yomangidwa pa do, ya 4 pa fa, ya 5 pa so, ya 6 pa la. Wina akakuuzani kuti kolasi ikuyenda 1, 5, 6, 4, akutanthauza do, so, la, fa. Zitatu mwa izi, 1, 4 ndi 5, ndi za major, zomveka zowala. Ya 6 ndi ya minor, yomveka yachisoni pang'ono. Nthawi zina imalowapo ya 2, ya pa re, nayonso ya minor. Nyimbo zochuluka za mtundu uno sizituluka m'bwalo limeneli, zimangosintha kuti iti iyambe: 6, 4, 1, 5 kapena 4, 1, 5, 6 kapena 1, 4, 6, 5.

Kupeza do n'kotere. Ng'ung'udzani liwu limene kolasi imakapumira, lija mukafikapo mtima umati tafika kunyumba. Musalisiye, ndipo liyang'aneni pa nsambo ya 6, mukukwera fret imodziimodzi. Pa fret 3 ndi G, pa 5 ndi A, pa 6 ndi B flat, pa 7 ndi B, pa 8 ndi C, pa 10 ndi D. Chenjerani ndi nyimbo zoyambira pa la, chifukwa chord yoyamba si ndiyo do nthawi zonse. Zina zimathera dala pa fa, osabwerera kunyumba, kuti anthu atsale ali m'malere akupemphera. Choncho musadalire chord yoyamba kapena yomaliza yokha.

Mukampeza do, chotsani 3 pa nambala ya fret imene mwampezapo, ndipo yankho lake ndi pamene muike capo, kapanira kaja komanga nsambo zonse pamodzi, kuti muimbe ndi kagwiridwe ka G. Do ali pa fret 7? Capo pa 4, ndipo zala zikugwira G koma chomveka ndi B. Ali pa 5? Capo pa 2, mukuimba mu A. Ali pa 6? Capo pa 3, B flat. Capo ikapitirira fret 5 gitala imayamba kulira mopyapyala ngati banjo, ndiye kuli bwino kusintha kagwiridwe: nyimbo ya mu E imbani ndi kagwiridwe ka D capo ili pa 2, ya mu E flat kagwiridwe ka C capo ili pa 3. Ena amanyoza capo kuti ndi ya aulesi. Si zoona, oimba nyimbo zimenezi m'makaseti mwawo amaigwiritsa ntchito dala kuti nsambo zosagwidwa zizilira momasuka. Iikeni pafupi kwambiri kumbuyo kwa kachitsulo ka fret, osati pakati pa mpata, ndipo muchunenso mukaiika, poti imakonda kukweza mawu pang'ono.

Kagwiridwe kamene kamapatsa nyimbozi kamvekedwe kake kamadalira zala ziwiri zimene sizisuntha. Ikani chala cha mphete pa nsambo ya 2, fret 3, ndi chala chaching'ono pa nsambo ya 1, fret 3. Zikhale pomwepo ngati zakhomeredwa. Zoyenda ndi ziwiri zokha, mkombaphala ndi chapakati. Mu kiyi ya G, chord ya 1 ndi G, ya 4 ndi C, ya 5 ndi D, ya 6 ndi Em. Pa G, chapakati chili pa nsambo ya 6 fret 3, mkombaphala pa nsambo ya 5 fret 2. Kuti mupite pa C, amene mapepala amamulemba Cadd9, zala ziwirizo zingotsika nsambo imodzi: chapakati pa 5 fret 3, mkombaphala pa 4 fret 2, ndipo nsambo ya 6 musaimenye. Pa Em7, mkombaphala pa nsambo ya 5 fret 2, chapakati pa nsambo ya 4 fret 2, nsambo zonse zilire. Pa Dsus4, mkombaphala yekha pa nsambo ya 3 fret 2, n'kumenya nsambo zinayi zam'munsi zokha.

Zala zosasunthazo zikugwira D ndi G, amene mu kiyi ya G ndi so ndi do. Mawu awiriwa amalira pamwamba pa chord iliyonse, n'chifukwa chake kusintha kumamveka kosalala, kopanda msoko. Koma pali pamene amapweteka khutu. Chord ya D yeniyeni ili ndi F sharp, amene ndi ti. Woimba akakhazikika pa ti inu mukuliza do pamwamba pake, mawu awiriwo ali moyandikana kwambiri ndipo amakhulana. Pamalo potero chotsani chala chaching'ono, muike chapakati pa nsambo ya 1 fret 2, mwapeza D wamba. Mudzaonanso chord yolembedwa D/F#. Chilembo chachiwiricho ndi cha besi: mkombaphala apite pa nsambo ya 6 fret 2, chapakati chigwire nsambo ya 3 fret 2. Imeneyi imaikidwa pakati pa G ndi Em kuti besi atsike ngati makwerero, do, ti, la. Ngati pagulu pali woimba besi, msiyireni liwu limenelo, inu gwirani D wanu.

Chord ikamalira mwa zii kapena kunjenjemera, lizani nsambo imodziimodzi kuti mupeze yodwalayo. Kawirikawiri mwina chala chili kutali ndi kachitsulo ka fret, mwina chagona n'kukhudza nsambo yoyandikana nayo, mwina chikhadabo n'chachitali moti chikufika pa thabwa nsonga ya chala isanafike. Wengani zikhadabo za kumanzere mpaka pansi. Chala chachikulu chikhale kumbuyo kwa khosi la gitala, moyang'anizana ndi chapakati. Musafinye ngati mukukama ng'ombe: tsitsani mphamvu mpaka nsambo iyambe kunjenjemera, kenako onjezerani pang'ono, mphamvu yofunika ndi yomweyo. Nsonga za zala zimawawa milungu iwiri kapena inayi yoyamba khungu lisanalimbe. Mphindi 20 tsiku lililonse zimalimbitsa khungu. Maola atatu Loweruka lokha amangobweretsa matuza.

Dzanja lamanja ndiye mwini nyimbo, ndipo apa m'pofunika kukhalitsa. Liziyenda pansi ndi m'mwamba mosalekeza ngati munthu akukupiza moto pa mbaula, mphamvu ikuchokera pa mfundo ya dzanja, osati pa chigongono. Werengani mokweza kuti 1 ndi 2 ndi 3 ndi 4 ndi. Pa nambala iliyonse dzanja likutsika, pa "ndi" aliyense likukwera. Zimenezi sizisintha. Chimene chimapanga kamenyedwe ndi kusankha pamene dzanja likhudze nsambo ndi pamene lingodutsa m'malere. Kamenyedwe kodziwika kwambiri n'kotere: menyani pa 1, dumphani "ndi" wake, menyani pa 2 ndi "ndi" wake, pa 3 dzanja litsike osakhudza kanthu, menyani "ndi" wa 3 pokwera, kenako 4 ndi "ndi" wake. Pa 3 paja ndi pamene ambiri amasochera. Amaimitsa dzanja m'mwamba kudikira, ndiye pofuna kumenya pokwera amapeza kuti lili kale kumwamba, bar yonse n'kupotoka. Liloleni litsike chabe. Pokwera musavutike kukhudza nsambo zonse. Zitatu kapena zinayi zowondazo n'zokwanira.

Yesani kaye kamenyedweko nsambo zitaphimbidwa ndi dzanja lamanzere, kuti zizingomveka tcha tcha ngati chisekese. Mukatha mphindi ziwiri osaphonya, ikanipo G yekha. Kenako G ndi C. Posintha chord pali kachinsinsi kamene oyamba amakaona ngati kubera: pa "ndi" womaliza, zala zoyenda zija zinyamuke kale, nsambo zilire zosagwidwa kwa kamphindi, kuti pa 1 zikhale zitatera pa chord yatsopano. Palibe amene amamva kampata kameneko. Chimene aliyense amamva ndi gitala yoima kudikira zala. Mukaphonya chord, dzanja lamanja lisaime. Mpingo umakhululuka chord yolakwika, koma sungathe kuimba ndi munthu amene bar yake ina ili ndi magawo anayi, ina asanu.

Nyimbo zambiri zopembedza zimayenda pa liwiro la pakati pa 66 ndi 78 pa mphindi. Ikani metronome ya pa foni, pulogalamu yogunda liwiro, pa 60, ndipo mukazungulira ma chord onse katatu osaima, kwezani ndi 4. Pa liwiro lotsika chonchi, kolasi ikafika dzanja limatha kuyenda kawiri kuposa poyamba, kutsika pa nambala ndi pa "ndi" pomwe, kuti gitala idzaze malo. Pa YouTube mungathenso kuchepetsa liwiro la nyimbo kufika pa 0.75 kiyi osasintha, n'kumaimba nayo limodzi. Onetsetsaninso ngati nyimboyo ndi ya 4/4, yowerengedwa 1 2 3 4, kapena 6/8. Ya 6/8 imawerengedwa 1 2 3 4 5 6, kutsindika pa 1 ndi pa 4, ndipo imakugwedezani uku ndi uku. Makolasi ambiri a kwathu amayenda mwa zitatuzitatu chonchi, moti manja a mpingo akayamba kuombedwa amatha kuikokera nyimbo ya 4/4 kumeneko, woimba gitala osazindikira n'komwe.

Chinthu china chobisika ndi chord yofika msanga. M'nyimbo zambiri zamakono chord yatsopano simadikira 1, imalowa pa "ndi" wa 4, kapena pakati pa bar pa "ndi" wa 2. Mapepala a pa intaneti sasonyeza zimenezi. Mukamaimba limodzi ndi kaseti n'kumaona kuti ma chord ndi olondola koma nthawi zonse mukufika mochedwa pang'ono, mvetserani besi ndi ng'oma yaikulu ya kuphazi. Pamene ziwirizo zagundira pamodzi ndi pamene chord ikusintha.

Popeza ma chord ndi omwewo kuyambira poyamba mpaka pomaliza, chimene chimasiyanitsa vesi ndi kolasi ndi kukula kwa mawu. Vesi yoyamba menyani kamodzi pa chord iliyonse n'kuisiya ilire mpaka bar ithe. Vesi yachiwiri gonekani m'mphepete mwa chikhatho pa nsambo, pafupi ndi kafupa koyera kaja, muzimenya zonenepa zokha motsitsa. Kolasi ndiye mutsegule zonse. Bridge iyambe pansi kwambiri, ulendo wachiwiri ikwere pang'ono, wachitatu muzimenya motsitsa mokhamokha mukuonjezera mphamvu, mpaka ikagwere mu kolasi yomaliza. Woimba amene wayamba ndi mphamvu zake zonse pa vesi yoyamba alibenso kopita, ndipo nthawi zambiri amayamba kuthamanga poganiza kuti kufulumira ndiko kukula. Pick (kapulasitiki komenyera nsambo) yofewa, ya mamilimita 0.6 kapena kucheperapo, imathandiza oyamba chifukwa simakodwa m'nsambo. Ikasowa, kakhadi kapulasitiki kamene munathyolamo SIM kamadulidwa bwinobwino ndi sizasi.

Kiyi ya pa kaseti inasankhidwira mawu a munthu mmodzi, kawirikawiri bambo wa mawu okwera kwambiri. Si lamulo. Abambo wamba amaimba momasuka kuchokera pa liwu la nsambo ya 5 yosagwidwa kufika pa liwu la nsambo ya 2 fret 3, capo palibe, ndipo amayi amaimba mawu omwewo octave imodzi pamwamba (octave ndi mtunda wochokera pa do kufika pa do wotsatira). Pezani liwu lokwera kwambiri m'nyimbomo, nthawi zambiri lili mu bridge. Tinene kuti nyimbo ili mu B ndipo ikufika pa so wapamwamba, amene ndi F sharp, nsambo ya 1 fret 2. Pamenepo theka la tchalitchi lingotseka pakamwa n'kumaonerera. Chotsani capo pa 4 paja muimbe mu G weniweni: zala sizisintha kalikonse, koma liwu lokwera lija latsikira pa D. Vuto limabwera pa nyimbo zimene vesi imaimbidwa pansi kenako kolasi n'kudumpha octave yathunthu. Mukatsitsa kiyi, vesi imamira. Pamenepo gwirizanani ndi wotsogolera kuti kudumphako kusiyidwe, nyimbo yonse iimbidwe pamalo amodzi.

Nyimbo ikamasuliridwa m'Chichewa, pepala la ma chord olembedwa pamwamba pa mawu limasiya kugwira ntchito. Liwu limene m'Chingerezi ndi phatikizo limodzi kwathu limakhala atatu: chisomo, Ambuye. Ndiponso Chichewa chimakoka phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto, chi-SO-mo, a-MBU-ye. Phatikizo lokokedwalo ndi limene liyenera kugwera pa 1 pamodzi ndi chord yatsopano, ndipo "chi" uja abwere msanga, pa "ndi" wa 4. Mukasintha chord pa chilembo choyamba cha liwu monga pepala likusonyezera, muzifika patsogolo pa ng'oma nthawi zonse. N'chifukwa chake kuli bwino kulemba pepala lanu la ma bar: timabokosi tinayi pa mzere, m'kabokosi kalikonse nambala ya chord. Pepala lotero limagwira m'chilankhulo chilichonse ndi mu kiyi iliyonse.

Pokumana ndi anzanu a gulu la matamando, tchulani kiyi imene ikumveka, osati imene zala zikugwira. Mukati "tili mu G" capo ili pa 2, wa kiyibodi ayamba mu G pamene inu muli mu A, ndipo chisokonezo chake chimamveka mpaka panja. Nayenso afunsidwe ngati batani lake la transpose, losinthira kiyi, labwerera pa 0 kuchokera pa nyimbo yapitayo. Ngati gitala yanu ndi yolumikiza ku makina, mkati mwake kawirikawiri mumakhala batire ya 9V imene imatha chingwe chikasiyidwa chili cholowetsa, ndiye muzichizula mukamaliza. Batire ikamafooka mawu amayamba kusweka musanadziwe chifukwa. Musaime moyang'anizana ndi sipika, poti bowo la gitala limatola mawu a sipikayo n'kuyamba kulira huu. Kiyibodi ikadzaza kale pansi, inu menyani nsambo zowonda ndipo muchepetse. Pamene magetsi azima, kiyibodi ndi besi n'kuti zii, bwererani pa nsambo zonenepa ndi kamenyedwe kosavuta kotsitsa, kuti anthu amve pamene pali 1.

Mathero a nyimbo nawonso amafuna kuyeserera, chifukwa ndi pamene magulu ambiri amabalalika. Gwirizanani ngati mzere womaliza ubwerezedwe kawiri kapena katatu, ndipo pobwereza gwirani 6 m'malo mwa 1 kuti anthu amve kuti sinathe. Ulendo womaliza chedwetsani pa 4 ndi pa 5, kwezani khosi la gitala kuti wa ng'oma aone, mulitsitse pamodzi ndi chord ya 1. Isiyeni ilire mpaka muwerenge kanayi mumtima, kenako muigwire ndi chikhatho chonse. Mukatsika, chotsani capo, pukutani nsambo ndi kansalu kouma pamwamba ndi kunsi komwe, chifukwa thukuta la m'manja ndi limene limazichititsa dzimbiri, ndipo gitalayo musaitsamiritse pa khoma limene likuwombedwa ndi dzuwa.